Galu amene ndinabisa m'chipinda cha mbatata

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinanamiza wapolisi katatu m'mawa umodzi, ndipo katatu konseko ndinamuyang'ana m'maso osaphethira. Anzanga a kwaya amene amandidziwa lero ngati mayi wofatsa amaseka ndikawauza, amati ndikudzinamizira. Koma zinachitikadi, kwathu kufupi ndi Kaphuka, mwezi wa Juni, nthawi imene nkhungu imagona m'mapiri mpaka dzuwa litakwera ndipo madzi a m'ndowa amaluma zala.

Chimene ndinanamira chinali galu. Dzina lake anali Phulusa. Bambo anabwera naye ali kamwana, ali m'thumba la jekete, ndipo tsiku lomwelo anakadzipinda pamoto wozima kukhitchini n'kutuluka ali mbuu, dzina n'kukhala lomwelo. Sanali galu wokongola ayi. Khutu limodzi linali loima, linalo logwa, ndipo nthiti zinkawerengeka ngakhale adye bwanji. Mayi ankati ndi galu wa bambo, bambo ankati ndi galu wa pakhomo, koma Phulusa anali atasankha yekha mwini wake. Ankandiperekeza kusukulu mpaka pa kamlatho ka mitengo, n'kubwerera kukathamangitsa apusi kumunda, ndipo poweruka ndinkamupeza pa kamlatho pomwepo akundidikira.

Kwathu agalu sitinkamanga. Chingwe chinali cha mbuzi. Mlendo akafika ankaima pampanda wa nkhadze n'kuodira kuti, "Odi kuno! Agalu alipo?" Pamenepo mwana ankathamanga kukagwira galu pakhosi mpaka mlendoyo atalowa ndi kukhala pansi. Munthu akangokhala pampando, Phulusa ankamununkhiza nsapato n'kumusiya, nkhani yatha. Woima ndiye anali mdani, wokhala pansi anali mlendo. Ntchito yomugwirayo inali yanga, ndipo ndinkainyadira.

Chaka chimenecho matumba a feteleza anabedwa m'nyumba yosungiramo katundu ya kalabu ya alimi. Bambo anali ndi ngolo ya ng'ombe, ndipo ndi iwo amene anatuta matumbawo kuchokera kumsewu asanabedwe, choncho dzina lawo linali m'gulu la anthu oti apolisi awachite chipikisheni pakhomo. Iwo sizinawadetse nkhawa. Ankangoti abwere adzaone, sindinabe kanthu. Inenso sindinkalabadira, mpaka Lachisanu pamene tinamva kulira kwa mfuti tili m'kalasi.

Mawa lake lisanafike n'komwe, mudzi wonse unali utadziwa. Apolisi anafika pakhomo pa a Gwaza, kutsidya kwa mtsinje, osaodira. Galu wawo anatuluka akuuwa monga achitira galu aliyense, ndipo wapolisi wina anamuwombera. Mnzanga Lusiya, amene sanapite kusukulu tsikulo, anaona zonse. Anandiuza kuti galuyo anadzikoka mpaka pansi pa nkhokwe, nafera pomwepo akuyang'ana ana a pakhomopo. Feteleza sanamupeze. Madzulo amenewo chakudya changa chonse ndinapatsa Phulusa, mayi n'kumandifunsa ngati ndadwala.

Loweruka m'mawa bambo analawirira kudimba ndi ngolo, mayi anapita kumjigo. Ine ndinali kusesa pabwalo pamene ndinaona galimoto itaima kumunsi, kumsewu, ndi anthu awiri a yunifolomu akukwera kanjira kobwera kwathu. Kumapeto kwa nyumba yathu kunali kachipinda kopanda zenera komwe tinkasungamo mbewu ya mbatata ya kachewere. Ndinamukoka Phulusa, iye akulimbalimba, ndinamukankhira mkati, ndinamuponyera mkute kuti akhale chete, n'kukola chitseko ndi waya. Phale lake lodyeramo ndinalivundikira kuseri kwa nthochi. Kenaka ndinatola tsache n'kumasesa ngati mwana wabwino.

Wamng'ono mwa awiriwo ndiye anali ndi mfuti paphewa, ndipo ankafuna kungolowa. Wamkuluyo, bambo wa imvi za m'mbali amene mnzakeyo ankawatchula kuti a Sajeni, anamugwira mkono. Anaima pampanda wa nkhadze penipeni pamene ankaima alendo onse.

"Odi kuno! Mwanawe, pali galu pano?"

"Palibe," ndinatero.

Analowa pang'onopang'ono, maso ali pansi. Pamene ndinali ndisanasese panali mapazi a Phulusa mbwee. A Sajeni anawaloza ndi nsonga ya nsapato n'kundifunsa kuti nanga awa ndi a yani. Ndinayankha kuti ndi agalu a eni ake, amangodutsa. Pamenepo bamboyo anagwada bondo limodzi kuti nkhope zathu zifanane, natola kaubweya kotuwa pa juzi yanga, nakayang'anitsitsa.

"Mwananga, sindikufunsa kuti ndimuphe. Ndikufunsa kuti umugwire. Pali galu?"

"Analipo, koma anafa chaka chatha."

Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe. Munthu wa imvi akafunsa chinthu chimodzi katatu ndiye kuti waona kanthu. Mwambiwo ndinkaudziwa, tinaulemba ngakhale m'kope la Chichewa, koma m'mutu mwanga munali galu wa a Gwaza pansi pa nkhokwe, ndipo mawu ena aliwonse analibe polowera. A Sajeni anaimirira.

Mayi anafika ndi ndowa pamutu, anatula, nagwada kupereka moni. Apolisi anawaonetsa pepala n'kufotokoza chimene abwerera. Za galu sanafunsenso, poti anali atayankhidwa kale katatu, ndipo mayi posamuona Phulusa anangoganiza kuti watsatira ngolo kudimba. Apolisiwo anayang'ana m'nyumba, pansi pa mabedi, m'nkhokwe, m'khola la mbuzi. Ine ndinkatsatira pambuyo ndikupemphera chamumtima. M'nzeru zanga zachibwana ndinkati apolisi amafufuza m'masutikesi ndi m'zipinda zogona, momwe anthu amabisa zinthu zamtengo. Sindinaganizeko kuti munthu wofuna kubisa matumba a feteleza angawaike kuti, kupatula m'kachipinda kamdima kosungiramo mbewu.

"Nanga umu muli chiyani, mayi?"

"Mbatata chabe, bwana. Tsegulani muone."

Ndinali ndi nthawi yokwanira kunena mawu awiri okha, akuti muli galu, koma bodza ukalinena katatu limakugwira lilime. A Sajeni anamasula waya. Phulusa anali atakhala mumdima nthawi yonseyo akumva nsapato zachilendo zikuzungulira nyumba, popanda womugwira pakhosi, popanda womuuza kuti awa ndi alendo. Chitseko chitangotseguka anatuluka osauwa n'komwe, nawagwira a Sajeni pakatumba, pamwamba pa nsapato.

Ndinamva chitsulo cha mfuti chikulira kuti khetye. Sindikumbukira kuti ndinathamanga bwanji, ndimangokumbukira kuti ndinapezeka ndagona pamwamba pa galu, manja ndamukulunga m'khosi, fungo la mbatata ndi fumbi lili m'mphuno. Nditadzutsa mutu ndinaona kamwa ya mfuti ikuyang'ana ife awiri, ndi nkhope ya mayi atagwira kumutu.

"Tsitsa mfuti! Sukuona mwana? Tsitsa!" anakuwa a Sajeni.

Wamng'onoyo anatsitsa. Pambuyo pake ndinazindikira kuti nayenso anali mnyamata chabe, ndipo anachita mantha ngati ine. A Sajeni anakhala pakhonde n'kupinda buluku. Anapempha sopo ndi madzi ambiri, ndipo mayi anathira ndowa yonse ija pabalapo pang'onopang'ono, iwo akutsuka osaleka. Madzi a m'beseni loyera la mayi anasanduka ofiira. Atafunsa za pepala la katemera wa chiwewe, mayi anavomera kuti palibe. Tsiku limene a ziweto anabwera kudzabaya agalu kudipi ya ng'ombe chaka chimenecho, banja lonse tinali kumaliro a agogo ku Kabwazi, ndipo Phulusa sanabayidwe.

"Bwana, galu alibe katemera, komanso waluma wapolisi ali pa ntchito," anatero wamng'ono uja. "Mwanayo achoke, ndimalize."

"Ukamuwombera, andiuza ndani ngati ali ndi chiwewe? Iwe?"

Kenaka anatembenukira kwa ine n'kufunsa dzina langa. Ndinati Felista. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinandipweteka koposa.

"Felista, ukanandiuza pampanda paja, ukanamugwira pakhosi, ine n'kugwira ntchito yanga, tonse n'kusiyana bwino. Tsopano tamvera. Ine ndikupita kuchipatala akandione. Galu wakoyu ummange masiku khumi, asachoke, asalume wina, uzimupatsa chakudya ndi madzi. Tsiku lakhumi ndibwera ndi a ziweto. Tikamupeza ali bwino, ndi wako. Akadwala, tidzamupha, ndipo usadzalire kuti sindinakuuze. Koma akasowa, ine sindidzadziwa chimene chalowa m'mwendo mwangamu. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anasuzumira m'kachipinda muja, anapezamo mbatata zokhazokha zitaphuka maso, nalemba zolemba zawo. Kenaka anatsika kanjira kaja akutsimphina, dzanja lili paphewa la mnyamata wa mfuti.

Bambo atabwera masana n'kumva zonse, sanatenge mkwapulo. Anapita kukhola, anamasula chingwe cha khonje pa mbuzi, nandipatsa. Anati galu uyu wamumangitsa ndiwe, mmange wekha. Ndikanakonda akanandikwapula, chifukwa mkwapulo umapweteka kanthawi n'kutha. Ndinamumanga pamtengo wa pichesi kuseri kwa khitchini. Phulusa anali asanavalepo chingwe chibadwire. Poyamba ankayesa masewera, ankagwedeza mchira. Nditachoka n'kuona kuti sangathe kunditsatira, anayamba kulira, kulira kwake kosakhala kwa galu wouwa koma kwa mwana wosiyidwa.

Masiku awiri oyamba anakana kudya. Phala la gaga linkauma m'phale, ntchentche n'kumachita phwando. Aliyense wodutsa ankaima pampanda n'kuponya mawu ake. Wina ankati galu wachiwewe amayamba choncho, wina ankati taonani maso akewo. Ine ndinkamuyang'ana pakamwa kuti mwina ndiona thovu, ndipo akangoyasamula mtima unkandithawa. Tsiku lachitatu ndinakhala naye pansi, ndinaviika chala m'phala n'kumupatsa. Ananyambita. Ndinaviikanso, mpaka phale linayera. Atamwa madzi ndinathamangira kwa mayi ndikukuwa ngati ndakhoza mayeso, poti ndinkamva kuti galu wachiwewe amaopa madzi.

Kusukulu anzanga sanandisiye. Ankandifunsa kuti mkaidi wako wagona bwanji, ena n'kumanditcha msilikali wa ndende. Izo sizinkandivuta kwenikweni. Chimene chinkandilasa chinali pa kamlatho ka mitengo poweruka, pamene panalibe wondidikira.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza khonje litamusupula khosi, ubweya utachoka, pakhungu pali pofiira. Ndinali ndikumupaka mafuta pamene a Nachisale, mayi woyandikana nafe nyumba, anabwera kudzapala moto. Anali munthu wabwino mtima, ndipo chimene ananena ananena pondimvera chisoni.

"Iwe Felista, unamvapo kuti wapolisi anakwera phiri kudzazonda galu? Amenewo akubwera kudzamaliza ntchito, akungofuna kuti amupeze ali pachingwe. Mtengere kwa amalume ako ku Mphunzi. Udzati anadula chingwe, nanga agalu sadula zingwe?"

Atachoka ndinakhala ndikuganiza. Bambo ndi mayi anali kumunda kokumba mbatata. Njira ya ku Mphunzi ndinkaidziwa, ndipo amalume ankandikonda, sakanandifunsa zambiri. Mawu a a Nachisale ankamveka anzeru kuposa a Sajeni, chifukwa galu wa a Gwaza anafadi, ndipo anamupha ndi anthu a yunifolomu yomweyo. Zala zanga zinali pa mfundo ya chingwe, ndinali nditayamba kale kuimasula. Phulusa anazindikira, anaimirira, mchira ukuvina.

Pathandala, pafupi ndi pomwe ndinakhala, panali beseni loyera lija litavundikiridwa. Mayi anali atalitsuka ndi mchenga koma ine ndinkaonabe madzi ofiira aja. Ndinaganiza za bambo wa imvi uja, kulikonse kumene anali, kuti nayenso akuwerenga masiku omwe ndikuwerenga ine, akuyang'ana mwendo wake monga ine ndinkayang'anira pakamwa pa galu. Mwina anali ndi mwana wamkazi wa msinkhu wanga amene ankamufunsa m'mawa uliwonse kuti mwadzuka bwanji. Munthuyo anali ndi chifukwa chokwanira chophera galu wanga, mfuti inali yotchera kale, ndipo anasankha kundikhulupirira ine, mwana amene ndinali nditangomunamiza katatu. Ndinachita manyazi aakulu, manyazi otentha m'makutu. Ndinang'amba chitenje chakale cha mayi, ndinakulunga chingwe pamene chinkakhudza khosi, n'kumanganso mfundo ija kawiri. Phulusa anagona pansi n'kundifulatira. Ndinalira, koma sindinamasule.

Tsiku lakhumi linali Lachiwiri. Kusukulu sindinamve kanthu, ndipo poweruka ndinathamanga njira yonse. Dzuwa linapendeka popanda wobwera. A Nachisale anadutsa kawiri akuyang'ana kumsewu. Kenaka ndinaona njinga ziwiri zikukankhidwa pachitunda, kutsogolo mlangizi wa ziweto ndi kachikwama kake, pambuyo a Sajeni, akukokabe mwendo pang'ono. Ndinayang'ana paphewa, ndinayang'ana m'chiuno, ndinayang'ana pakaliyala. Mfuti panalibe.

Anaimika njinga, naima pampanda wa nkhadze, malo omwe aja. Phulusa ankaoneka bwinobwino kuchokera pomwe anaimapo, ankauwa mpaka mtengo wa pichesi kugwedezeka. Koma a Sajeni anaodira ngati sakuona kanthu.

"Odi kuno! Mwanawe, pali galu pano?"

"Alipo," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, choncho ndinabwereza mokweza. "Alipo, bwana, ndipo amaluma."

Anaseka mpaka kugwira chiwongolero cha njinga. "Ndikudziwa. Mgwire tilowe."

Ndinamugwira pakhosi monga mwa nthawi zonse. Analowa, anakhala pampando umene mayi anatulutsa. Mlangizi anaika madzi m'phale, Phulusa anamwa. Anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, anamuyendetsa uku ndi uku, kenaka anamubaya katemera n'kulemba pepala, limene mayi analiika m'buku lawo la mapemphero. A Sajeni anaona chitenje chokulunga chingwe chija, anaona ndi mfundo ziwiri. Anangoti mmasule. Phulusa anazungulira nyumba katatu akuthamanga ngati wopenga, anakagubuduzika pafumbi, ndipo potsiriza anabwera kudzanunkhiza nsapato za munthu wokhala pansiyo n'kumusiya.

Feteleza uja anadzapezeka kwina, kutali ndi kwathu. Phulusa anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, nafa ndi ukalamba pamoto wozima kukhitchini. A Sajeni sindinawaonenso, ndipo dzina lawo lenileni sindinalidziwe.

Lero ndimakhala kuboma, ndili ndi ana anga ndi galu wina wosamva ngati woyamba uja. Nthawi zina ndimamva kuti apolisi anafika pakhomo pa munthu kudzagwira ntchito yawo n'kusiya galu atafa, ndipo mtima umandiwawa. Sindinganame kuti onse ali ngati bambo wa imvi uja. Ana a kwa a Gwaza palibe amene anawafunsa kanthu, ndipo a Nachisale sanalankhule zopanda pake. Galu sadziwa pepala la khoti, sadziwa yunifolomu. Amangoona munthu woima pabwalo la mbuye wake, ndipo amachita chimene tinamuwetera. Wapolisi woima pampanda n'kufunsa sataya kanthu, kupatula kamphindi.

Koma mbali inayo ndi yanga, ndipo ndi imene ndimauza ana anga. Funso lija linali chifundo, ine ndinaliyesa msampha. Ndinkati ndikuteteza galu wanga, koma amene anamuika patsogolo pa mfuti, ndi kudziikapo yekha, ndi kukhetsa magazi a munthu wosalakwa, anali ine ndi waya wanga pachitseko. Mantha anandiuza kuti chimene ndimakonda ndichibise mumdima, pamene chinkafunika kungochigwira pakhosi poyera. Mpaka lero munthu akagogoda pageti panga, kaya ndi wapolisi, kaya wowerenga mita ya madzi, ndisanamupatse moni ndimayamba ndamuuza kuti galu alipo, ndipo adikire ndimugwire.